Kukonza fayilo ya XML mu Oxygen: ndalemba kamodzi kuti ndisiye kuyankha zomwezomwezi

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wakhala akusonkhanitsa mawu a Chichewa mu Excel kwa chaka chathunthu, kapena wataipa makalata akale a kumishoni, nde amene akumuyang'anira pa kafukufuku amuuza kuti zimenezi tikuzifuna mu XML, mu TEI. XML ndi kalembedwe ka fayilo komwe mawu amakutidwa ndi ma tag, tizizindikiro tonena kuti ichi ndi chiyani, ndipo TEI ndi malamulo a ma tag olembera zinthu monga makalata ndi madikishonale. Iye uja amatsegula Notepad, kumata ma tag apa ndi apo mongoyerekeza zomwe waona pa intaneti, kutumiza, mawa lake fayilo yabwezedwa. Kenako uthenga umandipeza usiku wakuti akulu, akuti fayilo yanga si valid koma ine ndikuiona ili bwinobwino. Ndayankha zimenezi kambirimbiri mpaka zala zatopa, nde ndati ndingolemba pano, aliyense wofunsa ndizingomulozera. Chitsanzo chonse ndi cha dikishonale yaing'ono ya Chichewa chifukwa ndi yomwe imabwera kwambiri, koma njira yake ndi yomweyi olo mukukonza nkhani za mu jenolo kapena zina.

Mawu atatu kaye kuti tizimvana. Element ndi chinthu chimodzi chokhala ndi tag yotsegula, zamkati, ndi tag yotseka, monga <orth>mtengo</orth>. Attribute ndi kanthu kowonjezera kokhala mkati mwa tag yotsegula, monga xml:lang="ny". Schema ndi fayilo ina yapadera yomwe muli malamulo, yonena kuti element yakuti imaloledwa pakuti, ndipo yakuti siingasowe. Basi, enawo tiwapeza m'njira.

1. Ikani pulogalamu yopangidwira XML, osati Word

Ine ndimagwiritsa ntchito Oxygen XML Editor, ya kampani ya Syncro Soft ya ku Craiova m'dziko la Romania. Imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Ndi yogula, ndipo kwa thumba lathu si yotchipa, koma amapereka masiku 30 oyeserera, mumangolemba fomu pa tsamba lawo nkukutumizirani kiyi pa imelo. Ilinso ndi layisensi yotsikirapo mtengo ya ophunzira ndi aphunzitsi, nde ngati muli pa yunivesite funsani kaye musanatulutse ndalama zanu. Langizo langa ndi lakuti musatenge kiyi ya masiku 30 ija lero chifukwa cha changu, itengeni sabata yomwe mwakonzeka kukhala pansi. Ambiri amaitenga, nkupita kumaliro, kubwera, mayeso, pofika poti ayambe ntchito masiku atha.

Ilipo ina yotchedwa XMLSpy ya Altova, koma ndi ya Windows yokha. Ngati ndalama palibiretu, VS Code yokhala ndi extension ya XML ya Red Hat ndi yaulere ndipo imatha kuyeza fayilo ndi schema, kungoti zambiri mudzazilumikiza nokha. Zomwe ndikukana ndi Word. Gulu lina linanditumizira fayilo yomwe wina anaitsegula mu Word kuti akonze kaspelo kamodzi, Word nkusintha zizindikiro zogwira mawu zonse zomwe anataipa kukhala zopindika zija, fayilo yonse kufa. Tinataya tsiku.

2. Onani chilembo cha ŵ musanachite china chilichonse

Mzere woyamba wa fayilo uzikhala uwu, ndipo pamwamba pake pasakhale kanthu, olo mzere wopanda kanthu, olo sipesi:

<?xml version="1.0" encoding="UTF-8"?>

Mukaona uthenga wakuti Content is not allowed in prolog ndekuti pali kachinyalala kena patsogolo pa mzere umenewu, kawirikawiri kochokera kokopa ndi kumata.

Tsopano ŵ. Kaya gulu lanu limalemba Malaŵi kapena Malawi, zimenezo mugwirizane nokha, ine sindilowerera, koma ngati mukumulemba, fufuzani liwu limodzi lokhala naye mukangotsegula fayilo. Mukapeza MalaÅµi ndekuti fayilo inali UTF-8 koma pulogalamu ina inaiwerenga ngati ya Windows yakale ija, zimenezi zimabwezeka. Mukapeza Mala?i ndekuti chilembocho chinatayika kale poseva, ndipo palibe batani lomwe lingachibweze, bwererani ku Excel mukaseve mwatsopano. Mu Excel muli CSV wamba ndi CSV UTF-8, sankhani yachiwiriyo. Mukangoona kabokosi m'malo mwa chilembo, fayilo ili bwino, ndi font chabe, isintheni.

Polemba ŵ mu Oxygen pitani pa Edit kenako Insert from Character Map, kapena lembani &#373; ndipo wamkulu ndi &#372;. Chenjezo limodzi lomwe ambiri salidziwa: ŵ amatha kulembedwa ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wamba wotsatana ndi kachipewa kapadera. M'maso ndi chimodzimodzi, koma pofufuza kompyuta imati ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati anthu angapo ataipa pa makompyuta osiyana, dziwani kuti zasakanikirana, ndipo normalize-unicode mu XSLT, chilankhulo chosinthira fayilo ya XML kukhala ina, ndi yomwe imazifananitsa.

3. Yambirani pa template, musayambire pa tsamba loyera

Dinani File, New, pezani Framework templates, TEI P5, musankhe All. Oxygen ikupatsani fayilo yokhala kale ndi teiHeader, mkati mwake muli fileDesc ndi zinthu zitatu zomwe TEI siilola kuti zisowe: titleStmt, publicationStmt ndi sourceDesc. Lembanimo mutu wa ntchito, amene akuitulutsa, ndi komwe mawuwo achokera. Musafufute mizere iwiri yomwe imayamba ndi <?xml-model yomwe ili pamwamba, ndifotokoza pa nambala 5 chifukwa chake.

TEI si chinthu chadzulo, inayamba mu 1987 XML isanabadwe, poti XML inakhazikitsidwa ndi bungwe la W3C mu 1998, ndipo P5, mtundu wa TEI womwe tikugwiritsa ntchitowu, unatuluka mu 2007. Nde chilichonse chomwe mukuganiza kuti mupangire tag yanuyanu, mwina alipo kale amene anachiganizira. Fufuzani kaye musanapeke <liwu> kapena <tanthauzo>.

4. Lembani liwu limodzi pamanja mu Text

Pansi pa windo pali Text, Grid ndi Author. Author imaoneka ngati Word ndipo imakopa, Grid imaoneka ngati Excel, koma sabata yoyamba khalani mu Text kuti muzolowere kuona ma tag ndi maso anu. Mkati mwa body chotsani ndime yachitsanzo ija mulembe izi:

<entry xml:id="mtengo1" xml:lang="ny">
  <form type="lemma"><orth>mtengo</orth></form>
  <gramGrp><pos>dzina</pos><gram type="gulu">Mu-Mi</gram></gramGrp>
  <sense>
    <def>chomera chachikulu chokhala ndi thunthu ndi nthambi</def>
    <cit type="translation" xml:lang="en"><quote>tree</quote></cit>
  </sense>
</entry>

Musataipe zonse. Mukangodina < Oxygen itulutsa mndandanda wa ma element ololedwa pamalo pomwe muli, musankhe, idzitsekera yokha. Mndandanda ukapanda kutuluka yesani Ctrl+Space. Ngati mawu alipo kale ndipo mukungofuna kuwakuta ndi tag, asankheni mudine Ctrl+E. Apa ndi pomwe ndalama zanu zikugwira ntchito, chifukwa pulogalamu ikuwerenga schema nkumakuuzani zololedwa, inu simukuloweza.

Chizindikiro cha Chichewa ndi ny, osati ch kapena chi. Ilipo nya ya zilembo zitatu koma lamulo la xml:lang limati pomwe pali chachifupi tengani chachifupi. Chitumbuka ndi tum, Chiyao ndi yao. Pa gulu la dzina, kaya mulemba Mu-Mi ngati momwe tinaphunzirira kupulayimale kapena 3/4 ngati akatswiri a zilankhulo, sankhani chimodzi mpaka kumapeto.

Zizindikiro ziwiri sizilembedwa mwachindunji mkati mwa mawu: & imalembedwa &amp; ndipo < imalembedwa &lt;. Uthenga wakuti The entity name must immediately follow the '&' umatanthauza zimenezi basi. Amene munazolowera HTML, &nbsp; kuno kulibe, XML imangodziwa zisanu, amp, lt, gt, quot ndi apos. Ndipo <Orth> ndi <orth> ndi zinthu ziwiri.

5. Kabokosi kobiriwira kamanama ngati schema simunailumikize

Apa khalani pansi, chifukwa apa ndi pomwe pamachokera uthenga wausiku uja.

Kumtunda kudzanja lamanja kwa fayilo kuli kabokosi kakang'ono komwe kamakhala kobiriwira kapena kofiira. Anthu akaona kobiriwira amati ndamaliza. Koma pali mayeso awiri osiyana. Oyamba ndi well-formed, kutanthauza kuti tag iliyonse yotsegulidwa yatsekedwa, sizinapingasane, ndipo fayilo yonse ili mkati mwa element imodzi yaikulu. Achiwiri ndi valid, kutanthauza kuti fayilo ikutsatira malamulo a schema. Zili ngati kalata yofunsira ntchito: ikhoza kukhala yolembedwa mwaukhondo, yopanda kaspelo kolakwika, koma ngati ofesi inati muike satifiketi inu simunaike, ibwezedwa ndithu. Fayilo yopanda schema Oxygen imangoiyeza mayeso oyamba okha, chifukwa ilibe choyezera achiwiri, nde mutha kulemba <nsima> pakati pa dikishonale kabokosi nkukhalabe kobiriwira.

Nde chitani chonchi. Ctrl+Shift+W ndi mayeso oyamba, Ctrl+Shift+V ndi achiwiri. Dinani achiwiriwo muwerenge zomwe zatuluka pansi. Ikakuuzani kuti There is no schema or DTD associated with the document, ndekuti zonse zomwe mwakhala mukukhulupirira zinali za mayeso oyamba. Pitani pa Document, Schema, Associate Schema, muilozere fayilo ya schema, ndipo ikulemberani mzere pamwamba wonga uwu:

<?xml-model href="tei_all.rng" type="application/xml" schematypens="http://relaxng.org/ns/structure/1.0"?>

Kenako yesani dala. Lembani <nsima/> mkati mwa entry muone ngati pafiira. Pakafiira schema ikugwira, fufutani nsimayo mupitirize. Pakapanda kufiira china chalakwika, musapitirire. Kamayeso aka kamatenga masekondi 10 ndipo ine ndimakachita pa fayilo iliyonse yomwe munthu wanditumizira, ndisanawerenge olo mzere umodzi.

Ma schema alipo a mitundu ingapo ndipo muwazindikira ndi mathero a dzina: .dtd ndi wakale uja, .xsd ndi wa W3C, .rng kapena .rnc ndi RELAX NG yemwe TEI imakonda, .sch ndi Schematron. Simukuyenera kudziwa kuwalemba onse, chofunika ndi kufunsa amene adzalandire fayilo kuti schema yanu ndi iti, nditumizireni fayilo yake. Funsani tsiku loyamba, osati ntchito itatha. Chifukwa tei_all, schema ya template ya All ija, ndi yololera kwambiri, imavomera pafupifupi chilichonse cha TEI, pomwe mapulojekiti ambiri ali ndi yawo yokhwimirapo, a madikishonale ena amatsata TEI Lex-0. Fayilo yanu ikhoza kukhala valid pa tei_all koma nkugwa pa yawoyo, nonse awiri mukunena zoona koma mukuyeza ndi miyeso yosiyana, ngati wogula chimanga wabwera ndi ndowa yake wogulitsa ali ndi yake.

Za netiweki: mizere ya mu template ija imaloza ku adiresi ya pa intaneti, koma Oxygen ili ndi makope a ma schema a TEI mkati mwake ndipo imagwiritsa ntchito amenewo, nde bandulo ikatha ntchito siima. Koma schema ya pulojekiti yanu Oxygen siidziwa. Idawunilodeni, iikeni mu foda imodzi ndi fayilo, ndipo mu href mulembe dzina lokha monga ndachitira pamwambapa. Musalole kuti mulembedwe njira yonse yoyambira C: mpaka dzina lanu, chifukwa fayilo ikapita pa laputopu ya mnzanu njira imeneyo kulibe.

Powerenga zolakwa yambani ndi choyamba chokha. Tag imodzi yosatsekedwa imatha kubala mauthenga ambirimbiri pansi pake, mukakonza imodziyo ena onse amazimirira okha. Ndipo mzere womwe pulogalamu yaloza ndi pomwe yazindikira kuti zasokonekera, pomwe munalakwitsa pamakhala pamwamba pake pang'ono. Uthenga wakuti element "def" not allowed here umapitiriza ndi mawu akuti expected nkutchula zomwe zimayembekezeka, werengani mpaka kumapeto, yankho limakhala momwemo.

6. xml:id ndi mawu athu

xml:id ndi dzina lapadera la entry iliyonse lomwe ena amalozerako. Malamulo ake: lisayambe ndi nambala, lisakhale ndi sipesi, lisakhale ndi apositirofi, ndipo lisabwerezedwe mu fayilo yonse. Nde xml:id="ng'ombe" yakanidwa, xml:id="001" yakanidwa. Lembani ngombe kapena ng_ombe mu id, kalembedwe koyenera kakhale mu orth, poti owerenga amaona orth osati id. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi ma entry awiri, mtengo1 ndi mtengo2, apo ayi muona has already been defined. Mukangopereka id musadzaisinthenso olo mutasintha kalembedwe ka liwulo, chifukwa zonse zolozera kumeneko zidzaduka mwakachetechete.

7. XPath ndi namespace, pomwe ambiri amagonjera

Pamwamba pa windo pali kabokosi kolembamo XPath. Ichi ndi chilankhulo chofunsira fayilo mafunso, ndipo mukachizolowera simudzawerenganso ma entry ndi chala. count(//entry) ikuuzani kuti mawu alipo angati. //entry[not(sense)] ikuonetsani mawu opanda tanthauzo. distinct-values(//pos) ikuonetsani mitundu yonse yomwe anthu alemba mu pos, ndipo apa ndi pomwe mudzaone kuti wina analemba dzina, wina Dzina, wina dz., wina noun, zonse valid.

Pofufuza liwu la apositirofi, //orth[. = 'ng'ombe'] ikana chifukwa kompyuta ikuona ngati mawu athera pa ng. Gwiritsani ntchito zizindikiro ziwiriziwiri, //orth[. = "ng'ombe"]. Mkati mwa XSLT momwe ziwiriziwirizo zatengedwa kale ndi attribute, bwerezani apositirofiyo kawiri, 'ng''ombe'. Ndipo fufuzaninso apositirofi yopindika ya Word ija ndi //orth[contains(., "’")], mudzadabwa kuti ng'ona ili ndi yowongoka, ng’oma ili ndi yopindika, ndipo wofufuza ng'oma sakuipeza.

Tsopano chovuta chenicheni. Yang'anani tag yaikulu ya fayilo yanu:

<TEI xmlns="http://www.tei-c.org/ns/1.0">

xmlns ameneyo si link yoti mudine, ndipo kompyuta siipita kumeneko kukatenga kanthu. Ndi dzina chabe, lotchedwa namespace, lili ngati mfunda. Kumudzi mukati ndikufuna Chikondi akufunsani kuti wa kwa Phiri kapena wa kwa Banda. Entry ya mu fayilo yanu dzina lake lonse ndi entry wa kwa TEI, ndipo ana onse omwe ali mkati mwa tag yaikulu ija atengera mfunda umenewu olo simukuuona pa tag iliyonse. Mukafunsa entry wopanda mfunda, kompyuta imayang'ana, siimupeza, ndipo siidandaula, imangokupatsani ziro.

Msampha wake ndi uwu. Kabokosi ka XPath ka Oxygen, kakakhala pa 2.0 kapena 3.1, kamakuthandizani mobisa, kamatenga namespace ya tag yaikulu nkuiika pa funso lanu, nde //entry imagwira. Inu nkusangalala, kukopa funso lomwelo kukaliika mu XSLT, kudina Ctrl+Shift+T, chotuluka ndi mawu onse a mu fayilo ataunjikana pamodzi opanda tag olo imodzi, teiHeader ndi matanthauzo zonse phala limodzi. Palibe uthenga wofiira. Mukaona phala limeneli musayambe kusintha ma template a mu XSLT yanu, timalamulo tonena chochita ndi element iliyonse, ali bwino, kungoti palibe olo imodzi yomwe yapeza element yake, nde Saxon, injini yomwe imayendetsa XSLT mu Oxygen, yangotsata lamulo lake lakuti popanda wondiuza chochita ndingotulutsa mawu. Mankhwala ake ndi mzere umodzi pa tag yaikulu ya XSLT:

<xsl:stylesheet version="3.0"
  xmlns:xsl="http://www.w3.org/1999/XSL/Transform"
  xpath-default-namespace="http://www.tei-c.org/ns/1.0">

Izi zimagwira pa XSLT 2.0 ndi 3.0. Ngati mwakakamizidwa kugwiritsa ntchito 1.0, lembani xmlns:tei="http://www.tei-c.org/ns/1.0" pamenepo ndipo paliponse muzilemba tei:entry, tei:sense. Adiresiyo ikopeni kuchokera mu fayilo, musaitaipe. Kuika https m'malo mwa http, kapena kuwonjezera / kumapeto, ndi mfunda wina kale umenewo. Ine ndinataya madzulo athunthu chifukwa cha s mmodzi ameneyu, ndikutukwana pulogalamu yosalakwa.

8. Kuchotsa mawu mu Excel

Mawu akakhala 20 alembeni pamanja. Akakhala masauzande musayerekeze. Konzani kaye Excel: mzere woyamba ukhale mitu ya makolamu, yaifupi, yopanda sipesi, monga liwu, mtundu, gulu, tanthauzo, ndipo ma cell ophatikizidwa aja muwamasule. Mu Oxygen pitani pa File mupeze Import, musankhe ya Excel, muchonge pakuti mzere woyamba ndi mayina. Mupeza XML yosavuta, mzere uliwonse wa Excel wasanduka element yotchedwa row. Imeneyo si TEI, ndi poyambira chabe, XSLT yaifupi ndi yomwe isandutse row iliyonse kukhala entry.

Koma samalani, apa nkhani ya mfunda yatembenuka. Fayilo yochokera ku Excel ilibe namespace, nde xpath-default-namespace ija musaiike. Chomwe chikufuna mfunda ndi chotuluka, nde pa xsl:stylesheet ikani xmlns="http://www.tei-c.org/ns/1.0". Mukauika pa tag ya TEI yokha mu template imodzi nkuiwala ma template enawo, chotuluka chidzakhala ndi <entry xmlns=""> paliponse, kutanthauza entry wopanda mfunda, ndipo schema imukana ngakhale m'maso akuoneka bwino. Mukangoona xmlns="" dziwani kuti ndi zimenezi, ndipo musakonze ndi Find and Replace mu chotulukacho, konzani XSLT muyendetsenso.

9. Malamulo a gulu lanu alembeni mu Schematron

tei_all siidandaula entry ikakhala yopanda tanthauzo, kwa iyo ndi zololedwa. Ngati kwa inu si zololedwa, lembani lamulo lanu. Ubwino wa Schematron ndi wakuti uthenga mumalemba nokha, m'Chichewa momwe, nde wotaipa yemwe Chingerezi cha ma error chimamuopsa amamva pompo:

<sch:ns prefix="tei" uri="http://www.tei-c.org/ns/1.0"/>
<sch:pattern>
  <sch:rule context="tei:entry">
    <sch:assert test="tei:sense">Liwu ili lilibe tanthauzo.</sch:assert>
  </sch:rule>
</sch:pattern>

Ilumikizeni ndi Associate Schema momwe munachitira muja, fayilo imodzi imatha kukhala ndi ma schema awiri. Mwaona tei: ali pa context? Mukamuiwala lamulo silipeza entry iliyonse, silidandaula, kabokosi kobiriwira mbee. Nde apanso yesani dala, chotsani sense pa liwu limodzi muone ngati uthenga wanu watuluka.

10. Tizinthu totsala

Ctrl+Shift+P imakonza maonekedwe a fayilo kuti mizere ilowe mkati mwadongosolo. Pa dikishonale ndi yabwino. Pa ndakatulo kapena makalata akale pomwe sipesi ndi kaduledwe ka mizere zili ndi tanthauzo, ganizani kaye, kapena ikani xml:space="preserve" pa element imeneyo.

Mafayilo akachuluka pangani Project, muikemo foda yonse, kenako dinani kumanja pa fodayo musankhe Validate, iyeza onse nthawi imodzi. Musanayendetse Find/Replace in Files pa foda yonse koperani foda ina pambali, chifukwa kusintha dz. kukhala dzina m'mafayilo 40 nkupeza kuti mwasinthanso zina zomwe simunafune kumawawa. Bola Git ngati mukuidziwa, koma olo fulashi yokhala ndi mafoda a madeti ndi yabwino kuposa kudalira laputopu imodzi, magetsi athuwa mukuwadziwa. Anthu awiri akakonza fayilo imodzi aliyense kwake, Tools kenako Compare Files ikuonetsani pomwe zasiyana. Fayilo ikakhala yaikulu mpaka pulogalamu kuuma, pa Tools pomwepo pali Large File Viewer.

Ngati mwatsata zonsezi koma zikukanabe, nditumizireni, koma chonde osati chithunzi cha sikirini chojambula pa foni mothimbirira muja. Ikani fayilo ya XML, schema, ndi XSLT ngati ilipo mu zip imodzi, mukope uthenga woyamba wofiira monga ulili pamodzi ndi nambala ya mzere, ndipo mundiuze ngati nsima ija inafiira kapena ayi.